Belu Lovala Chitenje

Mukadzamva munthu akunena kuti ife a mu ufumu wa Tidikirekaye ndife opusa, mumukanize. Si kupusa ayi, ndi ulemu. Kungoti zinthu ziwirizi zikavala malaya zimafanana kwambiri, ndipo ine ndikudziwa chifukwa ndine telala.

Kwathu kuno nkhani yoipa sitiinena mmene ilili. Munthu akamwalira timatumiza uthenga woti wadwala. Akadwala timati watopa. Nyumba ikamapsa, woona motoyo amafika pakhomo, kuodira, kukhala pansi, kufunsa za ana ndi mbuzi, kenaka n'kunena kuti, "Koma kudengaku kwafundako lero." Wonena zinthu mosapsatira timamuti wolaula, ndipo tsokalo likagwadi timati waliitana ndi iyeyo. Chinanso, munthu wamkulu sathamanga. Kuthamanga ndi kwa ana, akuba ndi otsegula m'mimba.

Mudzi wathu ndi Khalapompo, patsinde penipeni pa phiri la Sendera. Mitengo ya m'phirimo tinaimaliza mwaulemu, umodziumodzi, aliyense akulumbira kuti wakewo ndi womaliza. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo Napolo anatsikira mbali ya kuseri n'kukwirira mudzi wa Tinalipo pamodzi ndi anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Mpaka lero timati ndi chaka chimene phiri linapita kocheza.

Maliro atatha, Mfumu ya Mafumu Chidyaulemu Wachitatu inaitanitsa bwalo ku likulu lathu la Mawamawa, tsidya lina la mtsinje, pamalo okwera bwino pomwe matope safika. Bwalolo linadya masabata awiri ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Kunabweranso akatswiri awiri ochokera kutali, amene anafotokoza zinthu zomveka kwambiri moti tinachita nazo manyazi. Anati phiri lisanagumuke limayamba lanena. Mvula ikagwa masiku otsatizana nthaka imakhuta, mng'alu umayasama, kasupe amatuluka matope, miyala ing'onoing'ono imayamba kuyenda yokha. Anatisiyira zinthu zitatu: botolo loyezera mvula lokhala ndi mzere wofiira, zikhomo ziwiri zokhoma uku ndi uku kwa mng'alu wa pamwamba paphiri zitalumikizidwa ndi chingwe, ndi belu lalikulu lamkuwa.

"Madzi akapitirira mzere wofiira, kapena chingwe chikaduka, imbani belu, thawirani kumtunda," anatero. "Basi."

"Basi?" inafunsa Mfumu, itakhumudwa.

Apa ndi pomwe inaimirira Nduna Yoona za Tsoka ndi Miyambo Yake, Olemekezeka a Fewetsani, munthu wa mawu osalala ngati batala.

"Mfumu, ndondomekoyi ndi yabwino koma ilibe mwambo," anatero. "Munthu wamba angodzuka n'kuimba belu? Nanga ufumu uli pati? Mawa aimba belu, mkuja ayamba kuganiza okha."

Bwalo lonse linawomba m'manja, akatswiri aja n'kubwerera kwawo, ife n'kutsala tikukonza ndondomekoyo kuti igwirizane ndi chikhalidwe chathu. Lamulo linatuluka lotere. Woyang'anira botolo auze mlembi wa komiti ya m'mudzi. Mlembi alembe kalata kwa Nduna, m'mawu oyenera makutu a akuluakulu. Nduna ikagwade kwa Mfumu. Mfumu ikavomera, belu lilire. Koma belulo lisalire lisanatseguliridwe ndi Mfumu yomwe, pamwambo wa magule, riboni ndi mpunga.

Belu linapachikidwa pamsika wa Khalapompo. Lilime lake, kachitsulo kam'kati kolizira kaja, linatengedwa n'kukaikidwa m'kabati ya galasi kunyumba yachifumu, pakati pa makapu a alendo. Ndipo kuti belu lisachite dzimbiri podikira, analikutira. Amene analisokera chovalacho ndi ineyo, Lafiyosi Kamtedza, ndipo sindibisa, inali ntchito yokongola: bulangete m'kati, pulasitiki pakati, kunja chitenje cha nkhope ya Mfumu, mphuno itakhala pakatikati penipeni. Chifukwa cha luso limeneli anandisankha kukhala mlembi wa komiti.

Mwambo wotsegulira uja sunachitike. M'chilimwe a Fewetsani ankati, "Titsegulire belu la mvula dzuwa likuswa mtengo? Mayiko atiseka." M'dzinja ankati, "Mfumu iwoloke mtsinje wodzaza? Nsapato zake mukuzidziwa?" Zaka zinayi zinadutsa choncho. Nkhope ya Mfumu pachitenje inasuluka, ine n'kusokanso china, kawiri konse.

Ntchito ya botolo ndiye inalibe alawansi, choncho abambo tonse a m'komiti tinagwirizana kuti ndi ntchito yofunika kulimbikitsa amayi. Inagwera a Jesinala, mayi wamasiye wogulitsa matemba pamsika, amene anali ndi kamunda ka nandolo kufupi ndi mng'alu uja. A Jesinala ali ndi chilema chimodzi: chinthu akachiona amachinena. Nsomba yawo ikakhala yadzulo amakuuza kuti ndi yadzulo. Tinkawamvera chisoni.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Mwandida, wokwatiwa kwa a Nasimango, m'nyumba yomalizira ya m'mudzi, imene kuseri kwake kunali phiri lenilenilo moti nkhuku zawo zinkaikira mazira m'mapanga. Chaka chimene ndikunenachi, mwezi wa Malichi, Mwandida anabereka mwana wamkazi patatha zaka zisanu akupita padera. Mayi ndi khanda anali m'chikuta, ndipo kwathu kuno wa m'chikuta satuluka pakhomo mchombo wa mwana usanagwe, ngakhale kunja kugwe zotani.

Mvula inayamba Lolemba. Sinali yamkuntho, inali ija yosakalipa, yongogwa ngati mlendo amene alibe kopita. Lachiwiri inagwa, Lachitatu inagwa. Lachinayi m'mawa a Jesinala anakwera phiri atafunda thumba la feteleza. Botolo analipeza litasefukira. Chingwe chinali chitaduka, zikhomo zitatalikirana moti munthu akanagona pakati. Kasupe wa m'munda mwawo ankatuluka phala lofiira. Ataima chete, anamva pansi pa mapazi awo pakulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala.

Anatsika chothamanga, munthu wamkulu, mudzi wonse ukuona, mpaka kwa a Nasimango.

"Asewere, tulutsani ana. Phiri likugwa lero!"

"Mwadzuka bwanji, asewere?" anayankha a Nasimango, akuyala mkeka pakhonde.

"Ndadzuka. Tulutsani ana!"

"Ifenso tadzuka. Nanga kunyumba?"

"Asewere, chingwe chaduka!"

"Chingwe chaduka, koma mchombo sunaduke," anatero a Nasimango modekha. "Mwana tamudikira zaka zisanu, lero timutulutse pamvula anthu amuone ndi maso awo oipawo? Komanso belu lalira? Ine sindinalimve. Ndipo chonde, mawu amenewo musawanenenso pakhomo pali khanda."

Mwandida anayankhira m'kati. "Amayi, n'zoona?"

"N'zoona, mwanawe."

"Ndiye nditani? Apongozi akana."

A Jesinala anandiuza pambuyo pake kuti pamenepo anafuna kuthyola chitseko. Koma mpongozi wawo Gelesomu anali ataima pakhomo, mutu uli pansi mwaulemu, thupi lake lonse litatseka khomolo. Anaganiza kuti belu likalira, a Nasimango sakhalanso ndi chonena. Ndiye anabwera kwa ine.

Anandipeza pakhonde la golosale ndikusoka yunifolomu.

"A Telala, lembani kalata. Phiri likugwa lero."

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala, ine n'kutenga cholembera. Koma dzanja langa linakana. Mlembi wa komiti alembere Nduna kuti "phiri likugwa"? Makolo anga anandilera bwino. Ndinalemba kuti: "Ndi ulemu wonse tikudziwitsa Olemekezeka kuti phiri lathu la Sendera likuonetsa zizindikiro za kusapeza bwino." Ndinaiwerenga kawiri, inandikomera.

Ine ndi a Jesinala tinawoloka mlatho madzi akunyambita matabwa, n'kufika ku Mawamawa cha m'ma leveni. Tinapeza bwalo lili m'kati, likukambirana mtundu wa riboni ya mwambo uja. Tinadikira ola lathunthu. A Fewetsani anawerenga kalata yanga, n'kugwedeza mutu.

"A Kamtedza, mawu akuti 'kusapeza bwino' ndi olemera. Mfumu yangodya kumene."

Anayenda chogwada mpaka pampando wachifumu.

"Mfumu ya Mafumu, Mthunzi wa Osauka, Inu amene mvula imapempha chilolezo isanakunyowetseni, anthu anu a ku Khalapompo akuti phiri la Sendera lamva za ulamuliro wanu wabwino, ndipo likufuna kuyandikira."

Mfumu inamwetulira. "Ngakhale mapiri?"

"Ngakhale mapiri, Mfumu."

"Muliuze kuti tamva, ndipo tayamikira. Lidikire kaye mwambo."

Alembi analemba, oimba ng'oma anaimba. Ine ndinawomba nawo m'manja, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga unapepuka, chifukwa nkhani inali itafika kwa eni ake.

A Jesinala anaimirira. Pabwalo la Mfumu mayi saimirira.

"Mfumu, phiri likugwa! Likwirira mudzi wonse, lero lomwe lino! Mwana wanga ndi mdzukulu wanga ali patsinde pake. Ndipatseni kachitsulo kali m'kabatiko ndikaimbe belu!"

Wina anagwetsa supuni. Nduna ina yokalamba inatseka makutu a Nduna inzake.

"Mayiyu watopa," anatero a Fewetsani mwachifundo. "Mfumu, ndikupempha kuti tikhazikitse komiti yofufuza chimene chamutopetsa."

Komitiyo inasankhidwa pomwepo, ya anthu khumi ndi awiri, yoti idzakumane mvula ikadzatha. Pamene ankakangana za wapampando, a Jesinala anali atatuluka kale. Ndinawatsatira, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa anali atanyamula ambulera yanga.

Tinafika pamsika wa Khalapompo cha m'ma wani koloko. Anthu anali mbwee m'mashedi, kubisala mvula, kuotcha chimanga, kusewera bawo. Madzi otsika m'phiri ankadutsa pakati pa msika ali ofiira, atanyamula timiyala. A Jesinala anakwera pabenchi lawo la matemba.

"Anthuni, thawani! Pitani kusukulu ya pa Chitunda! Phiri likugwa!"

"Ayi, zikomo, tamva," anatero a Dizimasi ogulitsa makala, osachotsa maso pabawo. "Ligwa nthawi yanji? Ndili ndi nyemba pamoto."

"Phiri limeneli agogo anga analisiya pomwepo," anatero wina. "Likanakhala loyenda bwenzi litapita kutauni ngati ana athu."

"Kodi boma lanena?" anafunsa mayi wina.

"Boma lati lidikire," ndinayankha ine, pofuna kuthandiza.

"Basitu. Lidikira."

Apo a Jesinala anatola mpini wa khasu, n'kupita pabelu, n'kulikwapula. Amayi anakuwa, chifukwa mpiniwo unatera pamphuno penipeni pa Mfumu. Koma belulo linangoti *bu*, ngati munthu wamenya pilo. Analimenyanso. *Bu.* Ndanena kale kuti inali ntchito yabwino: bulangete, pulasitiki, chitenje, zonse zitamwa mvula ya masiku anayi.

"Limenelo ndi belu lalira kapena?" anafunsa wina.

"Ngakhale lilire, silinatseguliridwe," anatero a Dizimasi. "Kulira kumeneko sikuwerengedwa."

A Jesinala anaponya mpini pansi. Anayang'ana kumtunda, kunyumba yomalizira ija, komwe utsi wa m'chikuta unkatuluka pang'onopang'ono padenga. Mayi ameneyu anaika mwamuna wake m'manda osagwetsa msozi pagulu, koma apa analira, ndipo ine ndinachita mantha kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Kenaka maso awo anagwera pa kaundula wa komiti amene ndinali nditakwapatira m'jumbo, buku lalikulu lachikuto cholimba.

"A Telala, bweretsani bukulo."

"Ndi la boma, mayi."

"N'chifukwa chake ndikulifuna."

Analilanda, pamodzi ndi cholembera cha kukhutu kwanga. Anapukuta nkhope, n'kukweranso pabenchi, n'kukweza bukulo m'mwamba kuti aliyense aone chidindo chachifumu. Mayi amene sananamepo ngakhale za usipa anatsegula pakamwa.

"Akulemba mayina! Kusukulu ya pa Chitunda akulemba mayina! Aliyense aonekere yekha, wolembetsa mnzake sakumulola! Ngakhale khanda akuliwerenga ngati munthu wathunthu! Akutseka thiri koloko!"

Abale anga, ndakhala zaka makumi asanu ndi zitatu mu ufumu uno, koma chimene ndinaona sindinachionepo. Palibe anafunsa kuti mayina a chiyani. Kwathu kuno funso limenelo sitifunsa. Mayina akhoza kukhala a ufa, a feteleza, a maneti, a mbuzi zobwereketsa; chachikulu n'chakuti lako lisasowepo pamene la mnansi wako lilipo. Bawo linagubuduzika. A Dizimasi anadumpha ngalande imene mnyamata sangaidumphe, nyemba zawo osazikumbukanso. Uthenga umene unakanika kuyenda mayadi khumi m'mawa wonse unazungulira mudzi m'mphindi zisanu, wopanda moni, wopanda kufewetsa. Akuluakulu a mpingo anathamanga. A Binisoni, amene akhala akuyendera ndodo chichokereni ku migodi, anaipachika ndodoyo paphewa kuti isawachedwetse. Odwala anatengedwa pawilibala.

Tsono nali tchimo langa. Ine ndinalipo pamene bodzali linkabadwa. Ndinaliona ndi maso anga, buku linali langa, cholembera chinali changa. Komabe nditaona anthu onse akuthamanga, mtima unandiuza kuti, "Lafiyosi, bwanji zitakhala zoona?" Ndinathamangira kunyumba, n'kutenga mkazi wanga, ana, ndi thumba lopanda kanthu.

Sukulu ya pa Chitunda ili pakamtunda kena, moyang'anana ndi phiri, chigwa chili pakati. Ndinapeza mzere utazungulira kale kalasi ya sitandade faifi. A Jesinala anali atakhala patebulo la aphunzitsi pakhonde, akulemba pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani, koma maso awo sanali pabuku. Ankangoyang'ana kunjira. Anthu ankafika, kufika, koma a kwa Nasimango osaoneka.

"Dzina?"

"Mukundidziwa, a Jesinala."

"Boma silikukudziwani. Dzina?"

Thu koloko inakwana. Kuphiri kunagubuduzika mwala waukulu ngati nkhokwe, n'kukaima m'munda mwa chinangwa. Pamzere wina anati, "Taonani, wina wagwetsa mwala," tonse n'kubwerera kuyang'anira malo athu. A Jesinala analemba dzina langa mokhotakhota ngati la munthu wina. Anaimirira, akufuna kutsika okha, ndipo pomwepo panjira panatulukira ambulera yaikulu yamizeremizere. Kutsogolo a Nasimango, chitenje atakwinyira m'mawondo, akukalipira Gelesomu kuti afulumire. Pambuyo Mwandida, akuyenda movutika, atafukata kamtolo ka nsalu pachifuwa.

"Tipatseni njira, tili ndi khanda!" ankakuwa a Nasimango. "Asewere, lembani anthu anayi. Kameneka ndi munthu wathunthu, mwanena nokha."

"Nanga mchombo, asewere?"

"Mchombo ukagwera konkuno. Lembani!"

A Jesinala sanalembe. Anatambasula manja, Mwandida n'kuwapatsa kamtolo kaja. Anakavundukula pang'ono, n'kuona kankhope kofiira kakuyasamula, n'kukhala pansi pasimenti yonyowa, ali gwa kukakumbatira. Anthu pamzere anayamba kudandaula kuti ntchito yaima.

"Kodi zimene akugawazo zili kuti?" anafunsa a Dizimasi. "Galimoto sindikuiona. Ine ndikaone nyemba zanga ndibwerenso."

"Wochoka pamzere dzina lake lifufutidwa!" anakuwa a Jesinala, osadzutsa mutu.

A Dizimasi anabwerera pamalo pawo.

Sipanathe mphindi khumi. Kunamveka kulira ngati malole makumi asanu akutsitsa miyala nthawi imodzi, pansi n'kugwedezeka, mawindo a sukulu n'kunjenjemera. Tinatembenuka. Mbali yonse ya phiri la Sendera inang'ambika kuchokera pa mng'alu uja, n'kuyamba kutsika, poyamba mwaulemu ngati ife tomwe, kenaka mwaliwiro. Nyumba ya a Nasimango inali yoyamba. Sinagwe, inangosowa. Kenaka tchalitchi, chigayo, nyumba yanga, golosale ndi makina anga osokera, msika wonse. Belu tinaliona kamphindi likuyandama pamatope, nkhope ya Mfumu ikuyang'ana kumwamba, kenaka linamira osalira ngakhale kamodzi.

Kunatsala matope ofiira ndi fungo la dothi. Mwandida anagwada pambali pa mayi ake n'kubisa nkhope pamapewa awo. A Nasimango anayang'ana pomwe panali nyumba yawo, n'kuyang'ana khanda, n'kungoti khu pansi. Ine ndinalira ngati mwana, thumba langa lopanda kanthu lili m'manja.

Patapita nthawi, kumbuyo kwa mzere kunamveka mawu aulemu.

"Pepani, kodi kulembaku kukupitirira?"

Madzulo amenewo tinaitana mayina a m'buku kuti tione ngati wina watsala m'matope. Palibe anatsala. Ndipotu mudzi wa anthu mazana awiri ndi makumi anayi unapulumutsa anthu mazana atatu ndi khumi ndi awiri, chifukwa ena tinalembetsa apongozi a kutali, ena oyembekezera analembetsa awiriawiri, ndipo malemu angapo anapezeka kuti nawonso anathawa bwino.

Patatha masiku awiri alembi a Mfumu anafika kusukulu kuja kudzalemba mayina a okhudzidwa. Atapeza ntchito itagwiridwa kale, anangokopera. Sabata yotsatira Mfumu inalankhula ku mtundu wonse.

"Ndondomeko yathu ya chenjezo yaposa za mayiko onse," inatero. "Kwina amapulumutsa anthu amene alipo. Ife tapulumutsa ndi amene kulibe omwe."

A Fewetsani analandira mendulo. Ine ndinalandira kalata yothokoza chifukwa cha kalembedwe kaulemu.

A Jesinala anaitanidwa kubwalo. Mlandu woyamba unali womenya Mfumu pamphuno, koma umboni unali pansi pa matope, ndipo mboni zonse zinati zinkayang'ana kwina. Wachiwiri unali wofalitsa bodza. Apa oweruza anavutika, chifukwa mayina analembedwadi, kusukulu komweko, m'buku lomwelo, ndipo ufa unabweradi. Anakambirana masiku atatu, n'kupeza kuti mayiyu sananame koma anafulumira. Mu ufumu wa Tidikirekaye palibe mlandu woposa umenewo.

"Muli ndi mawu?" anafunsa woweruza.

"Mdzukulu wanga ali moyo," anatero a Jesinala. "Mchombo unagwa Loweruka, m'kalasi ya sitandade faifi. Chitani zimene mukufuna."

Anawalanda udindo wa botolo, lomwe linali litapita kale ndi phiri. Panatulukanso lamulo latsopano loti kulemba mayina kulikonse kuziyamba kwatseguliridwa ndi Mfumu. M'mwezi wa Okutobala, kunja kuli ng'a, mwambo uja unachitika tsopano. Popeza belu kunalibe, Mfumu inadula riboni pa lilime lija, litagonekedwa pambale. Magule anali abwino kwambiri, mpunga unachepa.

Mukufunsa kuti ife tili kuti lero? Tili ku Khalapompo, nanga n'kupita kuti. Matope atauma tinapeza kuti ndi achonde, chimanga chake mpaka kudenga. Tinamanganso pomwepo, patsinde pa theka la phiri limene linatsala. Ngakhale a Nasimango anabwerera. Mwandida yekha anakana. Anauza Gelesomu, pamaso pa ankhoswe, mosafewetsa, kuti akafuna banja akwere ku Chitunda. Anthu anati watengera mayi ake. Gelesomu anakwera.

Dzana a Jesinala anabwera pakhonde langa latsopano, atagwira dzanja kamtsikana koyenda dendedende, kovala nsapato zosiyana. Ankafuna ndikasokere diresi. Akuti anadula chigubu cha mafuta ophikira, n'kujambulapo mzere ndi utoto wa zikhadabo, n'kuchiika m'phiri popanda chilolezo cha munthu. Akuti pamwamba paja patseguka mng'alu wina.

Ndinamuyeza mwanayo m'mapewa, iye akuseka, akukoka tepi yanga. Agogo ake anandiyang'ana.

"A Telala, ndikufunseni. Munaona ndi maso anu. Makina anu ali pansi pa nthaka. Tsiku lina ndikadzabweranso n'kunena kuti phiri likugwa, mawu okhawo basi, mudzathawa?"

Ndinafuna kuyankha kuti inde. Mulungu ndi mboni, ndinafunitsitsa. Ndinayang'ana kamwanako, ndinayang'ana phiri, ndinafufuza mumtima mwanga moona, ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi:

"Kodi kudzakhalanso kulemba mayina?"

A Jesinala sanakalipe. Anangomunyamula mwanayo, n'kumubereka kumbuyo, n'kumanga chitenje zolimba.

"Diresilo mudzatumize ku Chitunda," anatero. "Mwanayu kuno sadzabweranso."

Ndinawayang'ana akukwera njira ya kusukulu, kamutu ka mwana kakugwedera pamsana. Mvula inayamba kudontha, ija yosakalipa. Ndinasuntha makina kuwachotsa pomwe denga limadontha, n'kubwerera pantchito imene ndinaisiya, chifukwa ya boma sichedwetsedwa. Belu latsopano lafika mwezi watha, ndipo a Fewetsani akuti ulendo uno mabulangete akhale awiri.